Kukatenga Pakamwa Panga ku Harare

Ruti, khala apa, mbali yakumanzereyi. Cholemberacho chikugwira? Ulembe momwe ndikunenera, usakongoletse ngati za kusukulu. Agogo ako aamuna akamayankhira ali pakhondepo, zawozo usalembe. Iwo anayankhula kale mokwanira, m'basi, dziko lonse likumva.

Matendawa anandiyamba ndikadathyola tiyi ku esiteti. Zaka makumi atatu ndinathyola tiyi ine, masamba awiri ndi kansonga, osamulawako ndi kapu imodzi yomwe, poti ndife a Sabata. Tsiku lina m'mawa kamphepo ka chiperoni katangondikhudza tsaya lakumanjali, ndinamva ngati mphenzi yalowa pansi pa diso n'kutulukira m'nsagwada. Ndinagwa ndi dengu lomwe. Anzanga anati njoka. Anasaka m'mizere yonse, njoka osaipeza.

Kenako aliyense anati ndi dzino. Ndinachotsa limodzi, mphenzi inabwera. Ndinachotsa lina, inabweranso. Mpaka anayi, mano abwinobwino odyera nzimbe! Dzino lachisanu wochotsa manoyo anakana yekha. Anati, “Mayi, ndikapitiriza mutsala ndi usinini wokhawokha, ululu uli pomwepo. Pitani ku Blantyre.”

Ku Blantyre dokotala anati si mano ayi, ndi mtsempha wa kunkhope. Anandipatsa timapiritsi toyera, dzina lake lalitali ngati njanji ya ku Khonjeni: kabamazepini. Walemba? Ine ndinaliphunzira chaka chathunthu. Poyamba tinandithandiza ndithu. Koma mphenzi inazolowera, dokotala anawonjezera, inazoloweranso, anawonjezeranso, mpaka katatu pa tsiku. Ndiye timapiritsito timagonetsa, mwana iwe, ndipo ukaimirira dziko limapendekeka. Ndinkayenda m'malayini a esiteti ndikudzandira. Sabata lina akulu a mpingo awiri anabwera kunyumba, anakhala pansi mwaulemu, anapemphera, kenako anayamba kununkhiza zigubu zanga mmodzimmodzi.

Ntchito ndinasiya. Kutafuna kunkaitana mphenzi. Kusamba kumaso, mphenzi. Kuseka, mphenzi. Choopsa kuposa zonse, kuyankhula. Ine! Ine amene pa sikelo ankanditcha wailesi ya esiteti! Zaka ziwiri ndinakhala ngati chitsa. Ndi agogo ako tinapangana: ndikagogoda kamodzi ndiye kuti inde, kawiri ndiye kuti ayi. Ndipo ndikuuze, zaka ziwiri zimenezo agogo ako ananenepa.

Ndiye kunabwera kalata ya malume ako Yoweli, amene nthawi imeneyo ankasoka zovala ku Harare. Anati kumeneko kuli dokotala amene amatsegula kuseri kwa khutu n'kukonza mtsemphawo, ndipo anzake a mpingo amuthandiza, tibwere. Ine mumtima ndinati mutu wanga si dzungu loti munthu aziboola. Agogo ako anati, “Amake Yoweli, tipite mwana asakhumudwe. Tikamve, tikatenge mapiritsi amphamvu, za mpenizo tikakane.” Ndinagogoda kamodzi. Tinanyamuka titagwirizana kukakana.

Chinali chaka chachitatu chiyambireni matipate, mwezi wa Okutobala, dzuwa loswa mtengo. Ine ndinakulunga nkhope yonse ndi mpango, kusiya maso okha. Mapiritsi ndinamanga pa ngodya ya chitenje mfundo zitatu: ya m'mawa, ya masana, ya madzulo. Agogo ako ananyamula mkoko wa nthochi wopita kwa Yoweli, ngati kuti ku Harare anthu amadya miyala.

Kuchoka ku esiteti kukafika pa boma tinakwera ngolo ya thirakitala. Pa boma, minibasi. Kondakitala anatilipiritsa malo atatu, akuti mkokowo wakhala ngati munthu. Agogo ako anakangana naye kuyambira pa Thyolo mpaka pa Bvumbwe, ndipo anagonja. Ine ndikanakhala ndi pakamwa, mkoko umenewo ukanakwera ulere, kondakitala n'kutipepesa. Ndinangoyang'ana. Pa Bvumbwe tinaima nthawi yaitali kudikira anthu adzaze, azimayi a kabichi akutilowetsera mitu ya kabichi pa windo. Pa Limbe tinasintha ina, mpaka pa Wenela, pomwe panali basi yaikulu ya ku Harare.

Anati inyamuka sikisi koloko m'mawa mwake. Tinagona kwa mphwanga ku Zingwangwa, tinalawirira, ndipo basi inanyamuka dzuwa lili pamutu.

M'basimo munadzaza azimayi a geni opita kukapikula mabulangete ndi majarini. Pambali pathu panakhala mmodzi wa ku Ndirande, Anachisale, mayi wathupi, wa mawu ngati belu. Tisanadutse n'komwe pa Lunzu anafunsa: “Abambo, amayiwa bwanji adzikulunga chonchi? Ndi namfedwa?”

Apa ndi pomwe panayambira mavuto anga. Munthu akakhala chete, wina amamuyankhulira.

Agogo ako anakhosomola, anakonza jekete. “Ayi, akudwala. Ali ndi magetsi m'mutu.”

Ndinagogoda kawiri pa mpando.

“Mwamva? Akuvomereza,” anatero. “Ndiye mapiritsi awo ndi omwe aja amamwa anthu a khunyu.”

Zimenezo zinali zoona, dokotala anatiuza kuti mankhwalawo amagwira uku ndi uku. Koma unenere m'basi? Anthu amakhulupirira kuti khunyu n'lopatsirana, chonsecho ayi. Bambo amene anandipanikiza ndi katundu wake ananyamuka msangamsanga. Mayi wakumbuyo anakoka mwana wake. Posakhalitsa ndinali ndi mpando wonse ndekha, ndinatambasula miyendo ngati mkazi wa manijala. Pamenepo pokha ndinagogoda kamodzi. Anachisale okha ndi amene sanasunthe. Anati, “Ine ndinapulumuka amuna atatu, khunyu lindichita chiyani?”

Nkhondo inali pa mawindo. Kutentha kwa Okutobala aliyense ankafuna mphepo, ine mphepo ndiye mdani wanga. Windo la pambali pangalo linali lothyoka chotsekera, basi ikagunda dzenje linkatseguka lokha. Apa lemba bwino, ndisakhale wabodza ngati ena: agogo ako analigwira ndi dzanja kuyambira pa Zalewa mpaka ku Tete, thukuta lili kamukamu, osadandaula. Walemba? Chabwino. Usatambasule.

Pa Mwanza tinatsika tonse kukadinditsa mapasipoti. Ndinali nditamasula mfundo ya masana, ndiye miyendo inayamba nyimbo yake. Ndinadzandira kuchoka pa basi mpaka pa mzere. Mnyamata wina wosintha ndalama anati, “Agogo, mwayamba msanga, dzuwa likadalipo!” Agogo ako m'malo monditeteza anati, “Asiyeni, ndi masiku onse.” Ndinawatukwana m'Chilomwe, koma mumtima.

Pa Zobue, mbali ya Mozambiki, tinakhala maola ambiri. Basi anaitsitsa katundu yense, n'kumukwezanso. Itafika nthawi yanga, wa pachipata anayang'ana pasipoti, anayang'ana mpango, n'kuloza kuti ndivule aone nkhope. Mwana wa eni ankangogwira ntchito yake. Koma pa Zobue ndi pa phiri, pamawomba. Nditangomasula mpango, mphepo inandipsompsona pa tsaya, mphenzi n'kutsika. Nkhope yonse inakokera kumodzi, diso linatsinzina, misozi chuchuchu. Wa pachipata uja anayang'ana chithunzi, anayang'ana ine, anapukusa mutu kuti si munthu mmodzi.

Agogo ako anati, “Bwana, ndi omwewo. Amaoneka chonchi ndikawauza kuti ndiwo zachepa mchere.”

Wina anamasulira, wa pachipata anaseka mpaka anagwira tebulo, n'kudinda. Basi yonse inaseka. Ine ndinakulunga mpango wanga, ndinasunga mawu amenewo. Ndinali nditayamba kutolera.

Mlatho wa ku Tete sindinauone, usandifunse. Mapiritsi anandigoneka. Ndinadzuka titauwoloka, agogo ako akundiuza kuti Zambezi ndi wotambalala ngati kuchoka pa Thyolo kukafika ku Bvumbwe. Mpaka lero sindidziwa ngati n'zoona, chifukwa pobwerera ndinali kalikiliki kuyankhula. Ku Tete tinagona m'basi momwemo poti chipata cha kutsogolo chinali chitatsekedwa, m'mawa tinapitiriza.

Tisanafike pa Changara, basi inayamba kufuka ngati fakitale ya tiyi. Dalaivala anaimitsa, anatsegula, anagwira m'chiuno. Akuti lamba wa injini waduka. Kondakitala anakwera lole yobwerera ku Tete kukasaka wina. Ife tonse tinakakhala pansi pa mlambe. Dziko limenelo ndi milambe, mbuzi ndi miyala basi. Kutentha kwake anthu ankadzikupiza ndi mapasipoti. Koma mphepo kunalibe ndi pang'ono pomwe, tsamba osagwedezeka. Ine ndekha m'basi yonse ndi amene ndinali pa mtendere. Ndinamasula mpango pang'ono, ndinakanya nthochi imodzi ndi chala, ndinadyera mbali yakumanzere pang'onopang'ono.

Anthu akatopa ndi kudikira amafuna nkhani. Anachisale anati, “Abambo a ku Thyolo, tatiuzani, amayi ofatsa chonchiwa munawapeza bwanji?”

Ofatsa! Ine!

Agogo ako anavula jekete, anakhala pa muzu wa mlambe ngati mlaliki. “Ine nthawi imeneyo ndinali woyeza pa sikelo,” anatero. “Mnyamata wooneka bwino, wa njinga. Atsikana othyola tiyi ankachita kulimbirana mzere wanga. Ndiye awa, poona kuti sindikuwayang'ana, anatola mwala n'kuubisa m'dengu mwawo pansi pa masamba. Dala! Kuti ndiwagwire, ndiwaitanire padera. Ine ndinamva chisoni, ndinati mtsikana wodzipereka chonchi ndingomukwatira.”

Ruti, gwira cholembera bwino, apa ndi pamene pali nkhani. Kuika mwala m'dengu kuti lilemere ndi kuba. Munthu ankachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Ine sindinabepo tsamba ndi limodzi lomwe. Zoona zake ndi izi: ndinatula dengu pa mzere, ndinatembenuka kumanga mpango, agogo akowa anagwetseramo mwala ndi dzanja lawo. Mnzanga Felesiya anaona ndi maso ake, koma anamwalira, mboni ndilibe. Atayeza anati, “Chemwali, tsalani kaye, pali mlandu.” Ndinatsala ndekha, anzanga onse atapita. Mlandu wake unali woti, “Kwanu ndi kuti?” Njinganso sinali yawo, inali ya kapitawo.

Zaka zonse akayamba bodza limeneli ndinkawadula pa mawu achiwiri. Tsopano analimaliza lonse, mpaka kumchira, anthu makumi asanu akuwomba m'manja. Ndinagogoda pa mlambe, koma mlambe sulira. Magazi anandikwera. Ndinaiwala zonse, ndinatsegula pakamwa.

“Bodz...”

Sindinalimalize. Mphenzi inatsika katatu motsatizana, yoposa zonse zimene ndinamvapo. Ndinagwada m'fumbi, manja ali m'mwamba, osayerekeza kugwira tsaya. Anthu anabalalika, akuti khunyu lija layamba. Dzanja langa linapita pa mfundo ya madzulo, koma dokotala wa ku Blantyre anandichenjeza kuti ndisamawonjezere ndekha, mankhwalawo akachuluka amavulaza. Ndinaisiya. Ndinangodikira kuti idutse.

Itadutsa ndinapeza agogo ako atagwada pambali panga, atandigwira pa mkono, poti nkhope sankaikhudza. Zoseka zonse zinali zitawathera. Anayankhula motsitsa kuti ena asamve.

“Amake Yoweli, mukakane ndithu. Ndinafunsa anthu, ena sadzuka pa tebulo paja. Kuli bwino muzindiyang'ana ndi diso lanu lokwiyalo mpaka kale, kusiyana n'kuti ndikwere basi iyi ndi chikwama chanu chokha.”

Ndinawamvera chisoni, sindikana. Chala changa chinatsala pang'ono kugogoda kamodzi. Koma Anachisale anabwera ndi botolo la madzi, anakhala pansi phwii, n'kunena kuti, “Pepani amayi. Komatu munali olimba mtima, kudzipezera mwamuna ndi mwala! Iyi ndiye ndikauza anzanga onse ku Ndirande.”

Ku Ndirande! Bodza likafika ku Ndirande ndiye kuti lafika dziko lonse. Ndinakhala pansi pa mlambe paja mpaka kondakitala anabwera ndi lamba dzuwa litapendeka, ndikuganiza. Ndinati ndikafa chete chonchi, pa maliro anga adzanena kuti apa pagona mayi wofatsa amene anaika mwala m'dengu. Ndinaganizanso zina. Mapiritsi anali atafika pomalizira, dokotala anati pamwamba pake palibenso. Nyimbo za ku tchalitchi ndinkangozimva. Ndipo iwe, Ruti, unali ndi miyezi isanu ndi itatu, ine ndinali ndisanakutchulepo dzina ndi kamodzi komwe. Unkandigwira kumaso, ine n'kukukankha. Lemba zimenezo, usandiyang'ane.

Pa Nyamapanda, polowa Zimbabwe, anati zipatso sizidutsa. Mkoko uja, umene unalipira mpando wake, unali utapsa ndi kutentha kwa ku Tete. Agogo ako anati kusiyana n'kutaya, adye anthu. Basi yonse inadya nthochi za Yoweli, ngakhale aja ankaopa khunyu. Ku Harare tinafika tsiku lachitatu, Yoweli anatichingamira pa depoti ya basi ya Mbare. Mzinda wake? Nyumba zazitali, mitengo ya maluwa ofiirira, mphepo m'misewu. Ine ndinkangoona kudzera pa kampata ka mpango.

Anandijambula mutu, ananditenga magazi, patapita masiku tinalowa kwa dokotala. Anali bambo wamfupi wa magalasi, Yoweli ndiye ankamasulira. Anati mtsempha wa magazi wagonera mtsempha wa kunkhope, ndiye mtima ukamagunda umaukhula mpaka unasupuka. Anati akhoza kuboola kabowo kuseri kwa khutu n'kuika kanthu kofewa pakati pa iwiriyo. Ndinati mumtima, eee, nkhata! Munthu wosenza mtsuko popanda nkhata ndi amene amalira mutu. Zaka zonsezi ndinachotsa mano anayi, vuto lili nkhata.

Sanandinamize dokotala uja. Anati ambiri amachira, koma si onse. Kwa ena ululu umadzabwerera. Khutu likhoza kugontha, tsaya likhoza kuchita dzanzi, ndipo pa msinkhu wanga tulo ta opaleshoni tili ndi ngozi yake. Anati njira zina ziliponso: kuwonjezera mtundu wina wa mapiritsi, ndizidzandira kuposa apa, kapena kuwotcha mtsemphawo ndi singano, tsaya lizikhala ngati la mwini wake. Anati, “Mayi, mutu ndi wanu. Musankhe ndinu.”

Agogo ako anaimirira, chipewa chili m'manja. “Dokotala, zikomo kwambiri. Akukana. Tinagwirizana kunyumba.”

Ndinagogoda pa tebulo kawiri. Gogogo ayi, koma go! go! mpaka cholembera cha dokotala chinadumpha.

Dokotala anafunsa tanthauzo lake. Yoweli anati, “Kawiri ndi ayi.”

“Ayi wa kwa ine, kapena wa kwa bambo?”

Ndinaloza agogo ako. Kenako ndinaloza kuseri kwa khutu langa, n'kugogoda kamodzi. Dokotala anafunsanso kachiwiri, pang'onopang'ono, ngati ndamvetsa zonse. Ndinagogoda kamodzi. Ndinatambasula chala chachikulu kuti andipatse inki. Ndinadinda pepala lija mwamphamvu, mwina chala changa chikuonekabe pa tebulo lawo.

Agogo ako anatuluka. Ndinaganiza kuti apita ku Mbare kukakwera basi. Anabwera patapita nthawi, maso ali psuu, akuti kunja kuli fumbi.

Za opaleshoniyo sindingakuuze, ndinali mtulo. Ndinadzuka mutu ukulemera ngati dengu la masamba onyowa, ndikusanza, bandeji mbali yonseyi. Tsiku lachiwiri ndinayesa. Ndinagwira tsaya ndi chala chimodzi. Zii. Ndinagwira ndi dzanja lonse. Zii. Ndinalozera nesi kuti atsegule windo. Mphepo inalowa, inandikhudza kumaso, ndinadikira mphenzi. Inali mphepo chabe, mwana iwe, mphepo yabwinobwino.

Agogo ako anali pa mpando pambali pa bedi. Yoweli anati masiku awiri amenewo sanalawe kanthu, jekete inkachita kuwalendewera. Anandiitana, “Amake Yoweli, mukundimva? Mukamva gogodani kamodzi.”

Sindinagogode. Ndinanyowetsa milomo, ndinati, “Mwala uja munaika ndinu.”

Anandiyang'ana. Bambo wamkulu, woyeza pa sikelo, wa njinga yobwereka, analira ngati mwana manesi akuona.

“Ndinaika ndine,” anatero. “Nenaninso.”

Ndinanenanso. Ndinawonjezera za njinga, za mchere wa pa Zobue, za magetsi a m'mutu ndi za mkoko. Iwo ankangoti, “Eya, eya, pitirizani.” Nesi ndi amene anandiletsa, akuti odwala ena akufuna kupuma.

Mapiritsi sindinasiye tsiku limodzi, anandichepetsera pang'onopang'ono mpaka mfundo zonse zitatu zinatha pa chitenje. Mphenzi mpaka lero sinabwerere, ngakhale chiperoni chikayamba ndimamangabe mpango, munthu wolumidwa ndi njoka amaopa chingwe. Koma dokotala sananame: khutu lakumanjali linapita. Limangomva ngati mvula ili kutali. Pobwerera ndinayankhula kuyambira pa Mbare mpaka pa Wenela, ndipo nditafika kuno ndinakunyamula, ndinakutchula Ruti, Ruti, Ruti, mpaka unalira.

Anachisale sitinakumane nawonso. Ndiye kuti bodza lija likuyendabe ku Ndirande zaka khumi ndi ziwiri tsopano, mwina labala ndi ana. Ukamaliza apa ulembenso pepala lachiwiri, tikapatse amayi ako akamapita ku tauni, akaliwerenge pa msika.

Ukuti chiyani? Agogo ako akuyankhula? Akuti njinga inali yawo? Ine sindikumva kanthu. Ukuganiza kuti mpando wawo ndinauika kumanja kwangaku chifukwa chiyani? Usalembe zawozo. Lemba kuti mwala anaika ndi iwo, ndipo anavomera pamaso pa manesi.